Katswiri akufuna theka la malipiro tisanasainirane

FUNSO: Ndine mlembi wa kopaletivi ya alimi a soya ku Mchinji. Tapeza thandizo la ndalama zoti tilembere katswiri wotikonzera pulani ya bizinesi, koma amene tamupezayo akufuna theka la malipiro asanayambe, ndipo akuti mapepala tidzasainirana pambuyo pake. Kodi tichite bwanji?

YANKHO: A mlembi, musatulutse ndalama za mamembala musanasainirane mgwirizano, ngakhale munthuyo atakhala wodziwika kwanu. Choyamba khalani pansi ndi komiti yanu ndipo mulembe zenizeni zimene mukufuna kudzalandira, chifukwa mawu oti "pulani ya bizinesi" aliyense amawamva mosiyana. Nenani ngati pulaniyo ikhale ndi kafukufuku wa misika ya soya, mtengo wogulira ndi kusunga mbewu, komanso chiyerekezo cha ndalama zolowa ndi zotuluka. Ndikukulangizani kuti mufunenso chidule cha m'Chichewa, popeza amene adzaivomereze pamsonkhano waukulu ndi alimi eni ake.

Chachikulu ndi chakuti malipiro atsatire ntchito yomwe yaperekedwa ndi kuvomerezedwa, osati masiku amene katswiri wakhala akuyenda. Gawo lochepa liperekedwe akabweretsa ndondomeko ya ntchito, lina akapereka pulani yoyamba yoti muunike, ndipo lalikulu lidikire mpaka atakonza zonse zimene komiti yanena. Ndondomekoyo ionetse tsiku la chinthu chilichonse ndi mwini wake, kuphatikizapo inuyo: tsiku lomupatsa kaundula wa mamembala ndi mabuku a ndalama, ndi masiku amene komiti ili nawo kuti iyankhe. Maulendo okacheza ndi alimi musawaike m'nyengo yokolola, pamene anthu amachoka m'munda dzuwa litalowa.

Mulembenso ngati mafuta a galimoto ndi malo ogona zili m'kati mwa mtengowo kapena ayi, chifukwa mikangano yambiri imayambira pamenepa. Mtengo ukhale wa makwacha. Amene anagwirizana m'madola anaona zakuda mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti. Funsani nambala yake ya msonkho ya TPIN, ndipo mgwirizano unene kuti mudzadula msonkho wopita ku bungwe lotolera misonkho la MRA pa malipiro ake, pokhapokha ataonetsa chikalata chomumasula.

Pakhalenso ndime yonena kuti pulaniyo ndi zonse zimene wasonkhanitsa ndi za kopaletivi, komanso yofotokoza mmene mgwirizano ungathetsedwere akachedwetsa ntchito. Onse awiri musaine tsamba lililonse pamaso pa mboni, ndipo aliyense asunge kope lake.