FUNSANI ADOKOTALA: Sikani ikuti ndili bwino, koma ndikakhala pansi ndikumva kutentha

Adokotala, ndine bambo wa zaka 34, ndimapalasa kabaza. Kuyambira chaka chatha ndikumva ululu wotentha pakati pa maliseche ndi kotulukira chimbudzi. M'mawa ndimadzuka bwinobwino, koma pofika masana sinditha kukhala pachishalo. Ndikaima kapena kugona zimachepa, ndipo ndikakhala pachimbudzi chokhalira chija sindimva kanthu. Kuchipatala anatipatsa mankhwala a matenda opatsirana pogonana, ine ndi mayi akunyumba, mpaka pakhomo panavuta. Sizinasinthe. X-ray ndi sikani sizinapeze kanthu. Mnzanga akuti MRI ndiye imaona zonse. Ndigulitse njinga kuti ndikajambulitse?

Wovutika, Salima

Achimwene, njingayo musagulitse. Munthu sindingamuyeze pakalata, koma zomwe mwafotokozazi zikundiganizitsa za mtsempha wotchedwa pudendal, womwe umanyamula uthenga wa kumva kuchokera kumaliseche ndi kotulukira chimbudzi. Umachokera kumunsi kwenikweni kwa msana, n'kudutsa pampata wothina pakati pa zingwe ziwiri zolimba zomanga mafupa a chiuno, kenako n'kulowa m'kanjira kopapatiza m'kati mwa fupa lomwe timakhalira. Kanjirako amakatcha Alcock, dzina la katswiri wa ku Ireland yemwe anakafotokoza mu 1836. Mukakhala pachishalo chowonda, kutsogolo kwake kutayang'ana m'mwamba, thupi lonse limatsamira pomwepo. Mu 1987 dokotala wa ku France, Gérard Amarenco, analemba za vutoli ataliona mwa opalasa njinga. Mpando wa chimbudzi uli ndi bowo pakati, ndiye mtsemphawo umapuma. Chizindikiro chimenechi, chomwe mwachilemba ngati chodabwitsa, kwa ine n'chamtengo kuposa zithunzi zanu zonse.

X-ray imaona makamaka mafupa. Sikani yopaka mafuta pamimba ija imaonetsa chikhodzodzo, impso ndi prostate (kachiwalo ka abambo kokhala pansi pa chikhodzodzo), kwa amayi chiberekero ndi mabasiketi a mazira. Kunena kuti sizinapeze kanthu ndi nkhani yabwino ndithu, koma mtsempha wanuwo sanauyang'ane n'komwe.

Nanga MRI? Mnzanuyo wanena zoona pang'ono. Makinawa amagwiritsa ntchito maginito amphamvu, ndipo amaonetsa minofu yofewa bwino kuposa makina ena onse. Vuto n'lakuti mtsemphawu ndi wochepa mamilimita owerengeka, ndipo umayenda limodzi ndi mitsempha ya magazi yomwe imasokoneza chithunzi. Kuti uoneke pamafunika makina a mphamvu ya 1.5 kapena 3 tesla (muyeso wa mphamvu ya maginito), kajambulidwe kapadera ka mitsempha, komanso wowerenga zithunzi wozolowera malo amenewa. Makina oyamba a MRI kuno kwathu, omwe anafika pa Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008 chifukwa cha kafukufuku wa malungo a muubongo mwa ana, anali a 0.35 tesla. Anathandiza kwambiri pantchito yawoyo, koma mukuona kuti MRI siifanana. Ngakhale pamakina apamwamba, anthu ambiri opanidwa mtsemphawu chithunzi chawo chimatuluka choyera, ndipo ena osamva ululu uliwonse chimaonetsa timavuto. Inu mukudziwa kuti njinga yolira tcheni mukaijambula, kulirako sikutuluka pachithunzi.

Ntchito yeniyeni ya MRI pamatendawa ndi kufufuza zina zomwe zingapanikize mtsempha: chotupa m'chiuno, chithupsa chobisika, fupa la msana lodyeka ndi TB, kapena kwa amayi endometriosis (minofu yonga ya m'kati mwa chiberekero yomera kunja kwake). N'chifukwa chake timaiitanitsa ngati nkhani ya wodwala ili ndi pena posalongosoka, kapena tikuganiza za opaleshoni. Kuyamba ndi iyo n'kutaya ndalama.

Madokotala a ku Nantes, ku France, anaika mu 2008 mfundo 5 zodziwira matendawa, ndipo mwa zisanuzo mulibe chithunzi. Ululu ukhale m'dera la mtsemphawo. Uzikula munthu akakhala pansi. Usamamudzutse usiku. Akamukhudza ndi thonje kapena kansingano khungu lizimva bwino, popanda dzanzi. Ndipo akabaya mankhwala ochititsa dzanzi pamtsemphawo, ululu uzitha kwa kanthawi. Zitatu zoyambazo zikuoneka kale m'kalata yanu. Chachinayi n'cha mphindi ziwiri m'chipinda choyezera, ndipo woyeza wodziwa amalowetsanso chala kunjira ya chimbudzi, n'kusindikiza kansonga ka fupa komwe mtsempha umakhotera. Ululu wanu womwe uja ukabuka pomwepo, tayandikira.

Chachisanucho ndi pomwe makina ojambula amagwira ntchito yomwe ine ndimaikhulupirira. Wobaya amaika sikani patako, kapena amagwiritsa ntchito CT (makina ojambula m'kati mwa thupi ndi X-ray ndi kompyuta), n'kumaona nsonga ya singano ikulowa mpaka pafupi ndi kansonga ka fupa kaja, akuzemba mtsempha wa magazi womwe ukugunda pambali pake. Akathira lidocaine, mankhwala ochititsa dzanzi aja, amakuuzani kuti mukhale pampando wouma. Munthu yemwe samatha mphindi 10 akakhala osatekeseka mpaka mankhwala atatha mphamvu, yankho lapezeka. Jakisoniyu si wachilendo kwenikweni: madokotala a amayi akhala akubaya mtsempha womwewu pothandiza amayi kubereka kuyambira kalekale. Amene mungawafunse ndi madokotala ogonetsa anthu kuthiyeta pachipatala chachikulu, kudzera m'kalata yochokera kuchipatala chanu chaboma.

Musanafike kumeneko, poti mumakhala kufupi ndi nyanja, pemphani akuyezeni mkodzo. Likodzo limafika mpaka ku prostate ndi kunjira za umuna, ndipo limabweretsa ululu pamalo omwewa. Mankhwala ake, praziquantel, ndi osavuta. Za matenda opatsirana zija, wopereka mankhwala sanalakwe kuyamba nazo, poti m'zipatala zambiri timapereka potengera zizindikiro. Koma kupatsidwa mankhwalawo si umboni woti wina anayenda njira zachibwana. Alamu awerenge tsamba lino.

Pakadali pano mtsemphawo upumitseni. Ndikudziwa kuti kuuza wakabaza kuti asiye kupalasa n'kumulanda nsima, komabe ngati mungathe, bwereketsani njingayo kwa mnyamata milungu ingapo muzigawana zomwe wapeza. Pobwerera, ikani chishalo chotambalala, chokhala ndi mpata pakati, kutsogolo kwake kuweramire pansi pang'ono, ndipo muziimirira pamapedulo pafupipafupi. Pakhomo pindani chitenje nkhata yotseguka kutsogolo, matako akhale pankhatapo, pakati pasakhudze mpando. Pewani kudzimbidwa, chifukwa kudzikakamiza kuchimbudzi kumakoka mtsempha womwewo. Panado ndi brufen sizithandiza kwenikweni paululu wotere. Omwe amathandiza ndi monga amitriptyline wochepa womwa usiku, kapena gabapentin, polembedwa ndi dokotala, ndipo amatenga milungu asanayambe kuoneka ntchito yake. Amafizo nawo ali ndi njira zomasulira minofu ya pansi pa chiuno.

Opaleshoni yomasula mtsempha ilipo, koma ndi ya anthu omwe zonsezi zawakanika, ndipo ululu umatenga miyezi kuti utsike.

Zomwe sizidikira ndi izi: dzanzi pamalo okhalira, mkodzo kukanika kutuluka kapena kutuluka wokha, chimbudzi kudzithawira, miyendo kufooka, magazi m'chimbudzi, kuonda popanda chifukwa, kapena ululu wokudzutsani pakati pa usiku. Chimodzi mwa izi chikaoneka, nyamulani buku lanu lakuchipatala tsiku lomwelo, ndipo pamenepo ndine woyamba kunena kuti MRI ichitike msanga.