Kodi anthu tiziwaopseza kuti asamale chilengedwe?

Mayi wina wa ku Chibavi mumzinda wa Mzuzu wandilembera imelo. Akuti amalankhula za kusintha kwa nyengo pagulu la amayi kutchalitchi, anzawo amavomera ndithu, koma pobwerera kunyumba amagula makala ngati kale. Akufunsa ngati zingathandize kuwaonetsa zithunzi za namondwe wa Freddy kuti agwidwe mantha.

Amayi, ine ndikuti ayi. Mantha amagwira munthu msanga, koma sachedwa kuzilala. M'mwezi wa Malichi 2023 tonse tinalira titaona matope atakokolola nyumba ku Chilobwe, mmunsi mwa phiri la Soche, ndipo anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa m'dziko muno. Sipanatenge nthawi, njinga za makala zinayambanso kutsetsereka m'misewu. Sikuti anthu ndi ouma mtima. Mayi amene kwake kulibe magetsi, nsima yamadzulo aphikira chiyani? Mukamuopseza osamuonetsa njira ina, iye amangomva kuti mukumuimba mlandu chifukwa cha umphawi wake. Ndipo zimenezi zimandiwawa, poti utsi wochuluka umene ukutenthetsa dziko umachokera kumaiko olemera, osati pambaula yake.

Chimene chimadzutsa munthu ndi chinthu chomwe akuchiona kuti ndi chake. Madzi a pampopi wanu amachokera kudamu la Lunyangwa, ndipo damulo limadalira nkhalango ya Kaning'ina. Mitengo ikatha kumeneko, mvula imakokolola dothi n'kulithira m'damu, m'chilimwe madzi n'kuchepa. Muyambire pamenepo. Muwafunsenso agogo a m'gululo kuti afotokoze chifunga ndi kuzizira kwa Mzuzu wa ubwana wawo. Anthu amamvera mnzawo amene anaona yekha kuposa chithunzi cha pafoni.

Kenako pakhale chogwirika. Chitetezo mbaula ndi yadongo, yotsika mtengo, ndipo imadya nkhuni zochepa kuyerekeza ndi mafuwa. Mayi mmodzi akaphikirapo nyemba anzake akuona, enawo adzafunsa okha komwe anaigula.

Za mitengo ndinenepo pang'ono. Chaka chilichonse timadzala kuyambira Disembala mpaka Epulo, koma yambiri imauma chifukwa ilibe mwini. Mtengo wa mapeyala wodzalidwa kuseri kwa nyumba umathiriridwa, umatchingidwa kuti mbuzi zisadye, poti mwana adzadyapo. Ndiye Lamulungu likubwerali musatenge zithunzi. Mupite ndi mbande zingapo, aliyense asankhe wake, ndipo mugwirizane tsiku loyenderana kukaona mmene mitengoyo ikukulira.