Mafayilo a kampani yakale ndi viza yanu ku America

Mayi, mwati mumagwira ntchito ya uinjiniya ku America pa viza ya H-1B (viza ya alendo ogwira ntchito zaukatswiri), ndipo musanasiye ntchito yakale munadzitumizira pa imelo yanu mafayilo ena a kampaniyo. Tsopano maloya awo akulemberani kalata yoti munaba zinsinsi za malonda, ndipo mukufunsa ngati angakuthamangitseni m'dzikomo. Mwatchulanso za ulendo wopita kumudzi ku Malawi.

Kalatayo payokha siithetsa viza yanu. Kampani ili ndi ufulu wokusumirani kukhoti potsatira lamulo la Defend Trade Secrets Act la 2016, koma umenewo ndi mlandu wofuna chipukuta misozi ndi kukuletsani kugwiritsa ntchito mafayilowo. Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi boma kulowererapo. Lamulo la Economic Espionage Act la 1996 limati woba zinsinsi zotere akhoza kukhala kundende mpaka zaka 10, ndipo ngati anabera boma la dziko lina, mpaka zaka 15.

Apa ndi pomwe mlandu umakumana ndi viza. Mlendo amene khoti lamupeza wolakwa pa kuba kapena chinyengo zisanathe zaka zisanu chilowereni m'dzikomo akhoza kubwezedwa kwawo, ngati mlanduwo chilango chake chingafike chaka. Choopsa koposa ndi mlandu wakuba umene munthu wagamulidwa chaka chathunthu: lamulo la zolowa ndi kutuluka limauika m'gulu la milandu ikuluikulu, ngakhale woweruza atanena kuti chakacho mukakhale kunyumba. Masiku 364 ndi 365 akusiyana ndi tsiku limodzi lokha, koma tsiku limenelo likhoza kukutsekerani khomo la America moyo wanu wonse. Ngakhale green card, chiphaso chokhalira m'dzikomo mokhazikika, siiteteza pamenepa.

N'chifukwa chake ndikukupemphani: musavomere mlandu uliwonse, kaya akunyengerereni kuti mukavomera simupita kundende, loya wodziwa za viza asanaone pepalalo. Mu 2010, pa mlandu wa Padilla v. Kentucky, khoti lalikulu la America linagamula kuti loya wa mlandu ayenera kuchenjeza mlendo ngati kuvomera kungamuthamangitsitse. Mufunseni maso ndi maso. Kumbukiraninso kuti kukhoti la zolowa ndi kutuluka boma silipatsa munthu loya waulere.

A FBI, apolisi ofufuza milandu a boma la America, akagogoda pakhomo, nenani mwaulemu kuti mulankhula loya wanu alipo, basi. Ufulu wokhala chete ndi wa mlendo yemwe. Kuwanamiza, ngakhale pa kanthu kakang'ono, ndi mlandu wina wa zaka zofika zisanu. Ndipo chonde musafufute kalikonse. Ndikudziwa mtima ukukuuzani kuti mutsegule laputopu usiku uno n'kuchotsa zonse, koma akatswiri amaona tsiku ndi ola limene fayilo inafufutidwa, ndipo kuwononga umboni chilango chake chimafika zaka 20. Mafayilowo musawatsegule, musawaike mu kompyuta ya kuntchito yatsopano. Loya wanu ndiye akonze zowabweza.

Mwina mwamva za ophunzira a ku China oposa 1,000 amene analandidwa maviza mu 2020, Pulezidenti Trump atasaina lamulo lotchedwa Proclamation 10043. Limenelo silikhudza Mmalawi. Koma lamulo losainidwa mu Januwale 2023 limalola boma kumana viza mlendo wa dziko lililonse amene waba zinsinsi zikuluzikulu za makampani a ku America.

Za ulendo wakumudzi umene mwatchula, ndikanakonda muuimitse kaye. Ofesala wa ku embase akhoza kugwira pempho lanu la viza kwa miyezi akufufuza, inu muli ku Lilongwe ntchito ikukudikirani. Ndipo abwana atsopanowo akakuchotsani chifukwa cha nkhaniyi, muli ndi masiku osapitirira 60 oti kampani ina ikulembereni pempho la H-1B, apo ayi musinthe mtundu wa viza kapena mutuluke m'dzikomo.