Kodi khanda lobadwa masiku asanakwane lingamwe mkaka wa mayi wina?

Funso: Mng'ono wanga wachira pa miyezi 7, mwana akulemera makilogalamu 1.3, koma mkaka sukutuluka. Ine ndikuyamwitsa. Ndingamufinyire wanga? Mayi wa ku Zomba

Yankho: Mayi, musam'patse nokha achipatala osadziwa, chifukwa HIV imadutsa mu mkaka. Kumene kuli nkhokwe za mkaka wa m'mawere, monga pachipatala cha Pumwani ku Nairobi kuyambira 2019, mayi wopereka mkaka wake kuti amwe makanda a anzake amayamba wayezedwa HIV, chindoko ndi matenda a chiwindi. Mkakawo amautenthetsa pa madigiri 62.5 kwa mphindi 30, kenako n'kuuumitsa mufiriji pa madigiri -20. Ukasungunuka saubwezeranso mufiriji kuti uume.

Amavutikira zonsezi chifukwa matumbo a khanda lotere ndi anthete. Mkaka wa m'chitini umawonjezera chiopsezo cha matenda owoletsa matumbo: mimba imatupa, chimbudzi chimatuluka ndi magazi.

Koma woposa wonse ndi wa mayi ake. Mng'ono wanuyo azifinya ndi manja kosachepera ka 8 pa tsiku, usiku womwe, atasamba m'manja, ndipo azimufungatira mwana pachifuwa khungu ndi khungu. Timadontho tachikasu toyambato asatitaye. Anamwino amatikoka ndi sirinji n'kum'patsa kudzera m'kachubu ka pamphuno.