Funsani Dokotala: Makapisozi a bowa andithandiza pa vuto la kuiwalaiwala?

Adokotala, ndili ndi zaka 44, ndimagulitsa salaula ku Soweto Market mu Lusaka. Chiyambire chaka chino ndikungoiwalaiwala, chenji ya kasitomala mpaka kuwerenga kawiri, usiku tulo osabwera. Mnzanga anandigulitsa makapisozi a lion's mane ndi khofi wa ganoderma, akuti ndi bowa wachilengedwe sapweteka. Ndipitirize? Amayi anga anayambanso chonchi. Mayi wa ku Matero.

Mayi, mawu anu omalizawo ndi amene andigwira, mukuopa kuti zomwe zinagwira mayi anu zafika kwa inu. Pa msinkhu wanuwu matenda oiwala a ukalamba sachitika kawirikawiri. Zomwe timapeza nthawi zambiri ndi kusagona, nkhawa, kuchepa magazi, shuga kapena chithokomiro, ndipo zonsezi zili ndi thandizo. Munthu wosagona bwino miyezi yonseyi angawerenge chenji bwanji osalakwitsa?

Za lion's mane, ku Japan mu 2009 anayesa pa anthu 30 okha, onse a zaka 50 kupita m'mwamba, kwa masabata 16. Amene ankamwa anakhozako bwino mayeso a kaganizidwe, koma atasiya zinayamba kubwerera m'mbuyo. Anthu 30 ndi ochepa kwambiri kuti munthu azitayirapo phindu la bale yathunthu mwezi ndi mwezi.

Koma zoti chachilengedwe sichipweteka ndiye ayi, mayi. Nthawi ya mvula mukagula bowa wa tente m'mbali mwa msewu simumayamba mwamuyang'anitsitsa? Chifukwa mukudziwa kuti bowa wakupha amameranso m'tchire lomwelo, nayenso ndi wachilengedwe. Ganoderma atha kuchedwetsa magazi kuundana, ndiye kwa amene akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin kapena aspirin si zamasewera, komanso alipo anthu amene chiwindi chinavulala atamwa wa ufa. Ndipo ngati khofiyo mukumwa madzulo, kumbukirani kuti ndi khofi ndithu, mwina tulo akukulandani ndi yemweyo.

Mwachedwa nazotu, miyezi yonseyi kumangofunsa mnzanu amene akugulitsa! Siyani kaye zonse ziwiri. Sabata ino pitani ku chipatala cha Matero, mutenge mabotolowo m'chikwama akawaone, akakuyezeni BP, shuga ndi magazi. Mukanene zonse, za tulo, za maganizo, za mayi anu, osangoti mutu ukuwawa. Akakutumizani ku chipatala cha matenda a maganizo cha Chainama musachite manyazi, kumenekonso amathandiza anthu a nkhawa amene amabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Koma mukayamba kusochera njira yomwe mumaidziwa, kapena kuganiza zodzipha, pitani tsiku lomwelo ndi wachibale.