Anti, bwanji m'mabuku athu anthu amangofa?

FUNSO: Anti, ine ndili Fomu 4 kuno ku Salima. Buku lililonse lomwe tawerenga ku kalabu yathu mumapezeka wina wafa, kaya mwana kaya kholo kaya chibwenzi, ndiye aphunzitsi akuti tilembe chimangirizo chosonyeza mmene imfa imakhwimitsira mpangankhani. Ineyo mayi anga anatisiya chaka chatha koma sindikuona kuti ndakhwima, ndimangotopa basi. Ndilembe chani?
Mtsikana wa ku Senga Bay

YANKHO: Pepa kwambiri mwana wanga, chaka chimodzi ndi dzulodzuloli, ndipo kutopa ukunenako ndi chisoni chomwecho, sikuti pali chomwe chalakwika mwa iwe ayi.

Za chimangirizozo, ana ambiri amathera tsamba lonse kufotokoza mmene munthu wafera, pomwe malikisi ali pa wotsalayo. Tsegula buku pamene maliro atha, uwone tsiku lotsatira wotsala uja wachita chani chimene kale sakanachita, walankhula ndi ndani, wasiya chani. Kwanu komweko ukudziwa, anthu akamwazikana pasiwa, mikeka yapindidwa, mapoto obwereka abwezedwa, mpamene zimaoneka kuti wina wayamba kudzuka mbandakucha kuphikira azing'ono ake phala, wina wasiya sukulu wapita kukakoka nawo makoka kunyanja, wina sakuyankhulanso ndi munthu. Wolemba wabwino amayika zinthu zing'onozing'ono zoterozi ndipo umboni wako uli momwemo.

Tenga The Pearl ya John Steinbeck ya 1947 ija. Mwana Coyotito walumidwa ndi chinkhanira, dokotala wakana kumuthandiza poti makolo ake ndi osauka, bambo ake Kino wapeza ngale yayikulu nkuyamba kulota za sukulu ya mwana ndi mfuti, mapeto ake mwana yemweyo wafa ndi chipolopolo kumapiri. Pobwerera kumudzi Kino ndi mkazi wake Juana akuyenda limodzi phewa ndi phewa, pomwe nthawi zina zonse mkazi ankatsata pambuyo, ndipo Kino akuyamba wamupatsa Juana ngale kuti ataye, Juana nkuti ayi taya ndiwe. Mwamuna yemwe uja anamumenya Juana atafuna kuitaya m'nyanja poyamba paja. Kusinthatu kulipo, koma ndani anganene kuti Kino wapindula? Ine sindinganene, ndipo zimandiwawa ndikamva mwana ataloweza kuti "imfa inamuphunzitsa" ngati kuti Coyotito anafa ncholinga choti bambo ake achangamuke.

Ngati ku layibulale kapena pa foni ungapeze The Fault in Our Stars ya John Green ya 2012, muli mtsikana wa zaka 16, Hazel, wodwala khansa, ndipo amene akumwalira ndi Augustus chibwenzi chake yemwe ankaoneka ngati wachira. Bukulo limakana poyera zoti odwala khansa onse ndi ngwazi zolimba mtima, Hazel amakwiya, amalira, amadera nkhawa makolo ake kuti adzatsala bwanji.

Ndiye usaope kulemba kuti mpangankhani uyu sanakhwime, wangosweka mtima, kapena wakhwima mbali imodzi ina ayi, bola upereke zochitika ziwiri zitatu za m'buku zokuikira kumbuyo. Mphunzitsi aliyense wodziwa ntchito yake amalandira yankho lotere. Za mayi ako sukuyenera kuziyika mu chimangirizo, ndi zako zimenezo.

Koma tsiku lomwe mukuwerenga chaputala cha maliro ukaona kuti pakhosi pakutsamwa, wauze aphunzitsi kalasi isanayambe kuti mwina utuluka pang'ono. Ndipo kutopako kukafika poti tulo sakubwera kapena chakudya sichikulowa, usakhale nazo wekha, uza azakhali ako, amayi a kumpingo kapena kumzikiti, ngakhale a chipatala chapafupi. Undilemberenso mayeso a MSCE asanafike ndimve mmene ukupezera.