Kodi kanyongolotsi kangatiuze chiyani za utsi wa pamsewu?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amagulitsa tomato ndi vitumbuwa m'mphepete mwa Great East Road kuno ku Chipata. Mwana wawo wa ku koleji anawauza kuti asayansi amayesa kuopsa kwa utsi wa magalimoto pa tinyongolotsi. Iwo anafunsa kuti: "Nyongolotsi ilibe mapapo, sitsokomola. Nanga ingasonyeze bwanji zimene zikuchitika m'chifuwa mwanga, kapena mwa mdzukulu amene ndimabereka kumsana tsiku lonse?"

Amayi, pa za mapapo simunalakwe. Koma ndiloleni ndiyambe ndi kanyamako.

Si nyongolotsi ija anyamata amakumba kudimba popita kukawedza. Aka ndi kakang'ono, kotalika milimita imodzi yokha, dzina lake Caenorhabditis elegans. Kamakhala m'zipatso zowola ndi m'manyowa, n'kumadya mabakiteriya. Ndi kachibale ka manematodi amene amatupitsa mizu ya tomato ndi fodya, ngakhale ikoko sikakhudza mbewu. Amene anakatchukitsa ndi Sydney Brenner, wobadwira ku South Africa, yemwe anayamba kukaweta ku Cambridge m'ma 1960, ndipo mu 2002 analandira mphoto ya Nobel limodzi ndi John Sulston ndi Robert Horvitz. Thupi lake limaonekera mkati ngati botolo, ndipo maselo ake, tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga thupi, anawerengedwa onse: 959. Kuchoka dzira kufika poikira mazira ake pamapita masiku atatu okha. Kamodzi kamabala ana pafupifupi 300, n'kufa pakatha milungu iwiri kapena itatu. Moyo wonse wa chamoyo mumauona mwezi usanathe.

Poyesa, amaika pamsewu makina okoka mpweya kudzera pa kasefa koyera. Kasefako kakada, amakatsukuluza m'madzi, n'kuthira madziwo m'timbale momwe muli tinyongolotsi: umu pang'ono, umu kwambiri, umu ayi n'komwe kuti pakhale poyerekezera. Ndiye kuwerenga kumayamba. Takula bwanji? Taikira mazira angati? Kamodzi kakupinda thupi kangati pa mphindi? Kathanzi kamayenda mokhotakhota mwachangu, kolumala kamangodzikoka. Chimene chimandigometsa ine ndi ichi: mu 1994 Martin Chalfie anasonyeza kuti chowalitsa cha kanyama ka m'nyanja kotchedwa jellyfish chingaikidwe m'tinyongolotsiti. Lero ilipo mitundu ya tinyongolotsiti imene imawala mobiriwira maselo ake akayamba kudziteteza ku poizoni. Munthu amayang'ana pa maikulosikopu, n'kuona thupi likulimbana ndi fumbilo.

Nanga zikukhudza bwanji inu? Tinthu ta mu utsi, timene amatitcha PM2.5, n'tating'ono moti mukatindandalika makumi awiri m'pamene tingayandikire kunenepa kwa tsitsi limodzi. Timanyamula mwaye, zotsalira za mafuta osapsa bwino, ndi tizitsulo topalika ku mabuleki ndi matayala. Tikafika m'selo timayambitsa kuwonongeka kofanana ndi dzimbiri pa khasu losiyidwa pamvula. Njira zambiri zimene selo limadzitetezera nazo ku "dzimbiri" limeneli n'zofanana mwa kanyongolotsi ndi mwa munthu. Choncho chimene chikufunsidwa si chakuti kakutsokomola kapena ayi, koma chakuti fumbili likalowa m'selo lamoyo likuchita chiyani.

Malire ake alipo, ndipo sindikufuna kukubisirani. Kanyongolotsi kamameza fumbilo, inu mumalipuma. Kalibe magazi oyenda m'mitsempha monga ife. Nthawi zambiri muyeso wa m'kambale umaposa umene munthu angakumane nawo pa tsiku. Sikangakuuzeni ngati mdzukulu wanu adzadwala mphumu. Zimenezo zimadziwika potsatira anthu enieni kwa zaka zambiri, ndipo umboni wotero ndi umene unathandiza bungwe lofufuza za khansa padziko lonse la IARC kulengeza mu 2012 kuti utsi wa dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo. Mu 2021 bungwe la WHO linatsitsa ndi theka malire a pachaka a kuchuluka kwa PM2.5 mu mpweya amene limalangiza kuti asapitiriridwe.

Kumene kamathandiza kwenikweni, m'kuona kwanga, ndi poyerekeza fumbi ili ndi ilo, mwachangu ndiponso motsika mtengo. Makina oyeza mpweya amakuuzani kuchuluka kwa fumbi, osati ukali wake. Ndipo fumbi lathu lili ndi zosakaniza zakezake. Imani pamsewu mu Okutobala, thiraki yolemedwa ikamanyamuka kulowera kumalire a Mwami: utsi wakuda umatuluka n'kusakanikirana ndi dothi lofiira la m'mbali mwa tala, utsi wa njinga zamoto, wa mbaula, wa zinyalala zotenthedwa, ndi wa lupsa wochokera kumapiri. Ndikanakonda kuona ophunzira a ku yunivesite ya UNZA, mogwirizana ndi bungwe loona za chilengedwe la ZEMA, atatenga fumbi la pa msika wa Kapata, la pamalire ndi la kumudzi, n'kuona kuti ndi liti limene likulumaza tinyongolotsi msanga. Kutiweta sikufuna zambiri: timbale, mabakiteriya, maikulosikopu ndi chipinda chosatentha kwambiri.

Pakadali pano, Amayi, musadikire zotsatira. Utsi umachepa mukamatalikira msewu, choncho ngakhale mapazi ochepa kubwerera mmbuyo ndi phindu. Pewani malo amene mathiraki ndi mabasi amaima injini ikulira. Vitumbuwa zivundikireni. Chitenje pamphuno chimagwira dothi lokhalokha, tinthu tating'onoti timadutsa. Mwanayo mapapo ake akukula ndipo amapuma mofulumira kuposa inu, ndiye ngati alipo womusunga kunyumba m'mawa ndi madzulo pamene magalimoto achuluka, musiyeni. Ndipo chifuwa chikafika milungu iwiri, chanu kapena chake, pitani kukiliniki akayeze, chifukwa TB nayo imayamba chimodzimodzi.